Dzino langa, phala loyera lija ndi dothi la makande

Aliyense amene anakhalako kuno ku chigwa mwezi wa Okutobala akudziwa kuti madzi ozizira si nkhani ya manyado, ndi moyo weniweni. Dzuwa likafika paliwombo pa Ngabu pano ngakhale mbuzi zimasiya kudya nkukabisala kuseri kwa sitolo, thermometer ya mu lab yathu imadutsa 40 osachita kupempha, nde munthu ukaweruka chinthu choyamba ndi kuthamangira pa golosale pomwe pali fuliji. Ine chisangalalo chimenechi ndinalandidwa pafupifupi chaka chathunthu ndi dzino limodzi, dzino loti ndinamatitsa kale ndalama nkulipira. Ndikangoti ndimweko madzi a mu fuliji, kapena kuyamwa ka freezes kaja ana amagulitsa pa geti, limachita ngati wina wandigunditsa waya wa magetsi mkamwa, masekondi awiri atatu kenako zii. Ndinafika pomamwa madzi mutu uli chopendekera ngati nkhuku yoona kabawi, kuti asadutse mbali ya kumanzere.

Chiyambi chake sichodabwitsa. Ndinakulira ku Nchalo, nzimbe ndinatafuna zokwana ngolo, ndipo tiyi wanga mpaka lero akapanda masupuni atatu ndimaona ngati andimana. Dzino la kumapeto kumunsi linabooka pakati, poyamba kabowo kongokodwa nyama ya mbuzi ya pa chiwaya, ndimangochotsa ndi kamtengo ka machesi nkumapitiriza moyo. Kabowo kaja kanakula. Kuno kwathu dzino likavuta njira yodziwika ndi imodzi, kuzula, ndipo sindikunyoza ayi chifukwa ma dental therapist athu amagwira ntchito ndi zomwe zilipo, mzere pakhomo uli mpaka panja. Koma ine sindinafune kuyamba kuzula ndili ndi zaka zanga zino, nde malipiro atalowa ndinakwera minibasi mmamawa, Nchalo, Dyeratu, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, Thabwa, kukwera zitunda zija makutu akutsekeka, mpaka mu Blantyre.

Kiliniki yake sinditchula. Anandifunsa kuti bambo mukufuna yasiliva kapena yoyera, ine ndi matama anga ndinati yoyera, yofanana ndi dzino, ngakhale dzino lake ndi la kumapeto loti palibe amaliona kupatula ine ndi mswachi. Jakisoni wa dzanzi, kamakina kokumba kaja, kenako zinthu zinayenda liwiro la kabaza wotsetsereka. Anapaka china cha buluu, kutsuka, kupaka china, kenako anatenga phala loyera nkulikanikiza lonse kamodzi mbowo muja, kuwalitsa katochi ka buluu kamodzi basi, amvekere lumani, mwatha. Chimene ndikukumbuka bwino nchoti kapaipi koyamwa malovu kaja tsiku limenelo sikamakoka bwino, mkamwa munali dziwe, ndipo pakati pa ntchito ndinameza lilime nkukhudza dzino lija. Sindinaone ngati ndi nkhani. Ndinatuluka ndikuyamikira kuti koma dokotala uyu ndi wachangu, mpaka ndinapeza nthawi yokazungulira ku Limbe.

Dzanzi litatha ndi pomwe gule anayamba. Madzi ozizira, shoko. Kutafuna chimanga chokazinga mbali imeneyo, kuluma kokha bwinobwino koma posiya kuluma kaululu kakuthwa. Mayi akunyumba amangondiyang'ana nkumati abambo, ndalama zonse zija munakagula ululu? Malume anga a ku Bangula ndiye anaseka mpaka kutsokomola. Amvekere mphwanga, dzino likayamba mwano nkuzula, inu ophunzira mumavutika ndi zambiri. Kenako anatsegula pakamwa kundionetsa lawo lomata ndi siliva, lakuda bii, loti anawamata nthawi ya Kamuzu ndipo mpaka lero akuswa nalo mafupa a nkhuku. Ndinalibe choyankha.

Ndinapirira, ndimaganiza kuti lizolowera. Patapita miyezi ndinadzijambula mkamwa ndi foni tochi ili choyaka, ndipo ndinaona kamzere ka bulauni kozungulira phala lija, ngati mmene fumbi limakhalira mphepete mwa galasi la windo. Chikhadabo chimakodwa pamenepo.

Ulendo wachiwiri ndinapita kwina, ndinapeza dokotala wachitsikana, msinkhu wake ngati ana amene ndinawaphunzitsa Form 4 zaka zingapo zapitazo, moti mumtima ndinakayika kaye, ndikuvomera. Anayang'ana, anapemerera kamphepo, ine kudumpha. Anandifunsa kuti bambo mumagwira ntchito yanji, ndinati ndine mphunzitsi wa chemistry. Anaseka nkuti aphunzitsi, ndiye polymerisation mumaidziwa kuposa ine, vuto lanu ndi lomwelo, phala ili pouma linadzikoka nkusiya khoma. Abale, zaka zonsezi ndakhala ndikujambula pa bolodi ma monomer akugwirana kupanga polymer, polythene, PVC, ana nkumalemba notsi, osadziwa kuti phunziro lomwelo lili mkamwa mwanga likundiletsa madzi ozizira kkkk. Ndinachita manyazi pang'ono, nde nditabwerera ndinakhala masabata ndikuwerenga za zimenezi usiku, bundle nkumatha.

Phala loyera lija dzina lake ndi kompoziti, ndipo si simenti ngati mmene ambirife timatchulira. Muli zinthu ziwiri zikuluzikulu. China ndi ufa wa galasi wosalala kwambiri, umene mu phala lolimba lija umaposa 70 pelesenti ya kulemera kwake. China ndi resin, utomoni wa pulasitiki umene usanaume umakhala ngati uchi wokhuthala. Resin yotchuka kwambiri ndi Bis-GMA, anaipanga dokotala wa mano wa ku America dzina lake Rafael Bowen chakumayambiriro kwa ma 1960, ndipo mpaka pano ikadali mu ma kompoziti ambiri. Muli kamankhwala kenanso kochepa, camphorquinone, kamene ntchito yake ndi kudikira kuwala kwa buluu. Kuwalako kukangofika kamayambitsa chipwirikiti, timamolekyu ta resin timayamba kugwirana mmodzi ndi mnzake mpaka phala lonse gwa. Nchifukwa chake katochi kaja si kowumitsa ndi kutentha ngati dzuwa pa njerwa ayi, ndi belu loyambitsa.

Ndati belu dala. Mukaona ana pa bwalo la sukulu nthawi ya buleki, amakhala balalabalala, aliyense ndi kampata kake, bwalo lonse lodzaza. Belu likalira nkuwauza kuti kolekanani mikono, ana omwewo, nambala yomweyo, amatenga malo ochepa. Palibe wathawa, angoyandikana. Mamolekyu a resin asanagwirane amatalikirana pafupifupi 0.3 mpaka 0.4 nanometre (nanometre ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa magawo miliyoni), akagwirana mpata umatsika kufika cha mma 0.15. Tating'ono zedi, koma alipo mabiliyoni osawerengeka, nde zikaphatikizana phala lonse limachepa ndi 2 kapena 3 pelesenti, ena amadzimadzi aja amapitirira pamenepo chifukwa ufa wa galasi ndi wochepa, ndipo galasi ndiye silichepa, chimachepa ndi resin yokha.

Tsopano tiyerekeze kuti ana a kumapeto kwa mzere uja agwira mitengo ya mpanda mbali zonse. Belu lalira, onse akukokerana pakati. Chichitike ndi chimodzi mwa ziwiri, mwina mitengo ya mpanda iweramira mkati, kapena manja a ana akumapeto aja apulumuka. Mdzino ndi chimodzimodzi. Guluu womatira phala ku dzino akagwira kwambiri, makoma a dzino amakokedwa kuweramira mkati pang'ono pokha koma kokwana kuti enamel, chikopa cholimba cha kunja kwa dzino, ichite timing'alu kapena dzino lizimva kuwawa poluma. Guluu akafooka, phala limasiya khoma, pamatsala kampata kosaoneka ndi maso koma kwa mabakiteriya ndi msewu wa tala. Mmenemo mumalowa malovu, tiyi, shuga, kenako kamzere ka bulauni kaja, kenako kuwola kwatsopano pansi pa phala loti kunja likuoneka bwinobwino. Zanga zinali zachiwirizi.

Nditawafotokozera malume anati aaa nde ndi makande amenewo. Ndipo sanalakwe kwenikweni. Amene mumalima thonje kuno mukulidziwa dothi lakuda la makande, dzinja limamata mpaka njinga kuinyamula pamutu, chilimwe limang'aluka ming'alu yoti phazi la mwana nkulowa. Kapena mukamata nyumba ndi dothi lonyowa kwambiri, likauma limasiya felemu ya chitseko, pamatsala mpata wolowa zinkhanira. Kusiyana kwake nkoti makande amachepa chifukwa madzi atuluka, ndipo amatenga masabata. Kompoziti sitaya kanthu, ndipo kudzikoka kwake kochuluka kumachitika mmasekondi omwe katochi kakuyaka, guluu uja ali wongopakidwa kumene. Ndiye mpikisano wa chingwe umachitika pomwepo munthu uli chotsegula pakamwa ukuganiza za thiransipoti yobwerera.

Nkhani ya guluu ndi imene inandigwira mtima kwambiri. Kompoziti payokha simamatira ku dzino ngakhale pang'ono, ukangoiika mbowo louma nkuwalitsa ikhoza kudzatuluka ngati chivindikiro cha botolo. Chaka cha 1955 munthu wina wa ku Rochester ku America, Michael Buonocore, anaona kuti anthu opaka penti pa zitsulo amayamba atsuka chitsulo ndi phosphoric acid kuti penti igwire, nde anayesa pa dzino. Zinatheka. Cha buluu chimene amayamba kupaka chija ndi asidi ameneyo, masiku ano amakhala wa 35 mpaka 37 pelesenti, amakhala pa dzino masekondi 15 kapena kupitirira pang'ono pa enamel, kenako kutsuka. Asidi amakanda enamel nkusiya timaenje tosaoneka, guluu wamadzimadzi amalowa mtimaenjemo nkuuma, basi wakola. Amisiri omanga amachita zomwezo akamatema khoma losalala ndi kankhwangwa asanapake pulasitala.

Pa enamel zimayenda bwino chifukwa enamel ndi mwala, pafupifupi 96 pelesenti ndi mineral, ukaiumitsa imauma. Vuto lili mkati, pa dentine. Imeneyi ndi 70 pelesenti mineral, kwinako ndi ulusi wa collagen ndi madzi, ndipo ili ndi timapaipi tambirimbiri todzaza madzi tochokera ku mtsempha wa pakati pa dzino. Ndiye taganizani, ukufuna kumata pulasitiki yodana ndi madzi pa khoma limene likutuluka thukuta lokha. Asidi akasungunula mineral ya pamwamba amasiya ulusi uja uli poyera ngati ukonde, ndipo guluu ayenera kulowerera mu ukondewo nkuumira momwemo. Kagawo kosakanikira kameneka anakafotokoza ndi wa ku Japan, Nobuo Nakabayashi, mu 1982, amakatcha hybrid layer. Tsono apa ndi pamene pali luso. Ukaumitsa kwambiri ndi mphepo ulusi uja umagwa nkuphathana ngati ukonde wonyowa wounjikidwa pa mchenga, guluu salowa. Ukasiya madzi ambiri guluu amasungunuka nkufooka. Pamafunika chinyezi chapakatikati, ngati dothi loti ungafese. Malovu kapena magazi akangofikapo pa nthawi imeneyi ndiye zonse zawonongeka, amayala kachikopa kawo pamwamba ndipo guluu amamatira pa kachikopako mmalo mwa dzino. Nditawerenga zimenezi ndinakumbuka lilime langa lija.

Ndipo shoko ya madzi ozizira ija imachokera mtimapaipi tomweti. Tikakhala totsekedwa bwino madzi a mkati amakhala phee. Pakakhala kampata pansi pa phala, kuzizira kapena kuluma kumasuntha madziwo, mtsempha nkumva, ndipo mtsempha wa dzino sudziwa chilankhulo china koma ululu basi. Maganizo amenewa anawalimbikitsa ndi Martin Brännström wa ku Sweden mma 1960. Kuwonjezera apo kompoziti imafufuma ndi kutentha nkubwerera ndi kuzizira kuposa mmene dzino limachitira, kawiri katatu kapena kuposa, nde kuno kumene munthu umamwa tiyi wowotcha mmamawa, masana madzi a ayezi, madzulo nsima yamoto, mphepete muja mumakhala mukukokedwa uku ndi uku tsiku ndi tsiku. Pomata bwino zimapirira. Poyamba kale kutseguka zimangokulitsa.

China chimene sindikanachiganiza ndekha ndi maonekedwe a bowo. Ine ndimaona ngati bowo la pakati pa dzino, lozunguliridwa ndi makoma mbali zonse, ndiye losavuta, ngati kuthira konkire mu dzenje. Kwa kompoziti ndiye loyipitsitsa. Akatswiri atatu a ku Amsterdam, Feilzer, de Gee ndi Davidson, mu 1987 anabweretsa kawerengedwe kotchedwa C-factor, kungotenga mbali zomatidwa nkugawa ndi mbali zomasuka. Bowo ngati langa lili ndi makoma anayi ndi pansi, zisanu zomatidwa, pamwamba pokha ndiye pomasuka, C-factor 5. Phala likamadzikoka lilibe kothawira, mbali zonse lagwidwa, mphamvu yonse imathera pa guluu. Pomwe dzino la kutsogolo lobenthuka pakona, monga la mwana wogwa pa njinga, phala limamatira mbali imodzi kwina konse kuli pamtunda, limangodzikokera ku dzinoko mwamtendere. Nde amene munamatitsa la kutsogolo nkumati ine zanga zilibe vuto, musamatinyoze ife a kumapeto.

Dokotala wachitsikana uja mmene anagwirira ntchito, panthawiyo ndimaona ngati akuchedwa dala. Anachotsa phala lakale lonse, pansi pake panali pofewa pa bulauni, anakonza. Kenako anandiveka kachilabala kopyapyala mkamwa, dzino lokhalo nkutulukira pa kabowo, chomangidwa ndi kachitsulo, ine kuoneka ngati chule. Amachitcha rubber dam, ndipo si chatsopano, chinayamba mu 1864. Anati chikasowa amagwiritsa timathonje tokulunga ndi munthu woyamwa malovu osachoka pambali, ndinamuuza kuti mwina thonje lake ndi lathu lomwe la ku Ngabu likubwerera kwa eni ake modula. Anapaka asidi akuyang'ana wotchi, kuyamba mphepete pa enamel kenako mkati. Kutsuka nthawi yaitali. Guluu anachita kumutikita ndi kaburashi kakang'ono ngati mutu wa machesi, kupemerera kamphepo pang'onopang'ono, kuwalitsa. Ndinaona kuti akangodontheza guluu amatseka botolo msangamsanga, nditafunsa anati muli spirit kapena acetone amene amathandiza guluu kulowa mu ulusi uja, botolo likakhala chotsegula amauluka, ndipo anawonjezera kuti kwanu kotentha kuja ndiye zinthuzi zimafunika kusungidwa pozizira, apo ayi zimatha mphamvu tsiku lake lisanakwane.

Kenako phala. Sanaike lonse. Anatenga kachidutswa kochepa nkukatsamiritsa ku khoma limodzi chopendekera, osakhudza khoma la tsidya linalo, kuwalitsa masekondi 20, katochi kali pafupi kwenikweni ndi dzino. Kachidutswa kena khoma linalo, kuwalitsa. Ndinawerenga kulira kwa katochi kaja mpaka ndinasokonezeka, kanayi kapena kasanu. Nsagwada zinatopa, khosi linauma, ndipo mumtima ndimati mwana uyu akuphunzirira pa ine. Chonsecho chifukwa chake chilipo. Kuwala kwa buluu sikulowa patali mu phala wamba, malire ake ndi pafupifupi mamilimita awiri, nde ukaunjika lonse kamodzi mbowo lakuya pamwamba pamauma gwa koma pansi pamatsala paliwisi, ngati chigumu chopsa kunja mkati muli phala. Komanso kuika pang'onopang'ono chopendekera kumapatsa kachidutswa kalikonse mbali yomasuka yoti kadzikokere, mmalo mokoka makoma awiri nthawi imodzi. Ndinadabwa kuti nanga zidutswazo zimagwirana bwanji china chitauma kale, yankho lake ndi la chemistry yathu yomwe, oxygen wa mu mpweya amaletsa kagawo kapamwamba penipeni kuuma, pamatsala ponata, ndipo chidutswa chotsatira chimagwira pamenepo.

Kunena chilungamo alipo ma kompoziti ena atsopano otchedwa bulk fill amene anapangidwa kuti azilowa kuwala mpaka mamilimita anayi ndipo sakoka makoma kwambiri, nde si aliyense woika phala kamodzi amene akuba ntchito. Mwina woyamba uja anagwiritsa amenewo. Koma ngakhale bulk fill sakhululukira malovu. Ndipo katochi nakonso kali ndi nkhani yake, galasi lake la kumapeto likada kapena kumatirira phala louma, kapena akakagwira motalikira, kuwala kofika pansi kumachepa koma maso ako amangoona buluu yemweyo.

Tsono za dzino la malume. Siliva uja dzina lake amalgam, pafupifupi theka lake ndi mercury, kwinako siliva, tin ndi kopa. Samamatira ku dzino, amangokhala chifukwa bowo amalikumba mkati motambalala kukamwa kochepa, nde akauma sangatuluke, ngati mmene mpini umagwirira khasu. Kachinyezi pang'ono sakuopa ngati kompoziti, ndipo chodabwitsa nchoti akamachita dzimbiri mphepete, dzimbirilo limatseka mipata, kukalamba kumamuthandiza. Ndiye malume akamadzitama ali ndi mfundo. Kuipa kwake nkoti pamafunika kukumba dzino lambiri, lamoyo lomwe, kuti apeze maonekedwe aja, komanso mercury. Mgwirizano wa maiko wa Minamata wa 2013 unauza maiko kuti achepetse amalgam, makamaka chifukwa cha mercury wothera mmadzi ndi mnthaka, ndipo ku European Union anamuletsa kuyambira Januwale 2025 kupatula pa zifukwa zapadera. Kutanthauza kuti kutsogoloku tonse tikulowera ku phala loyera, tifune tisafune. Apa ndi pamene ine ndimada nkhawa, chifukwa chinthu chimene chikuchoka ndi chopirira mavuto athu, chimene chikubwera chimafuna magetsi, pouma, fuliji, ndi dokotala amene alibe anthu 40 akumudikira pa benchi.

Pali china chapakati chimene ndikuona kuti kuno chingatithandize, glass ionomer. Anachipanga ku Britain Wilson ndi Kent, chinadziwika cha mma 1972. Chimenechi chimagwirana ndi calcium wa dzino mwa chemistry, popanda guluu wapadera, chinyezi pang'ono sichidandaula, chimauma chokha popanda katochi, ndipo chimatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Kwa aneba athu ku Tanzania mma 1980 dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, anayambitsa njira yotchedwa Atraumatic Restorative Treatment (ART), kukokota powola ndi tizitsulo ta pamanja nkumata ndi glass ionomer, popanda makina, popanda magetsi, pansi pa mtengo zimatheka. Kufooka kwake nkoti chimaperepeseka msanga ndipo pa bowo lalikulu la dzino lotafunira chimatha kusweka. Madokotala ena amaika chimenechi pansi kompoziti pamwamba. Kwa ana a ku East Bank kapena ku Makhanga kumene mvula ikagwa ngakhale msewu kulibe, ine ndikuona kuti kumata kotereku kuli bwino kusiyana ndi kudikira mpaka tsaya litupe.

Tikumbukirenso kuti dziko lino layamba posachedwa kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri, mu 2019 ku College of Medicine imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow. Kale onse amakaphunzira kunja, ndipo ntchito yambiri mmaboma imagwiridwa ndi ma dental therapist ochokera ku Malawi College of Health Sciences. Ndikamaona ana anga a Form 4 amene amakhoza chemistry koma onse akufuna unesi kapena uloya, ndimawauza za kamtsikana kaja ndi wotchi yake.

Pomaliza anandilumitsa kapepala ka buluu kuti aone pomwe patalika, kupala pang'ono, kulumanso, kupalanso, kenako kupukuta mpaka lilime osapeza polekezera phala ndi poyambira dzino. Anati kompoziti siifuna kudikira, yauma kale, dzanzi likangotha idyani, koma kuyayamira pang'ono masiku oyamba kumachitika, kukapitirira masabata angapo kapena kukayamba kuwawa kokha usiku mubwere msanga musapirirenso chaka ngati muja. Ananenanso kuti phala limayamwa timadzi pang'ono mmasabata otsatira nkufufumako, zimene zimachepetsa kukokana kuja, koma sizingatseke mpata woti unatseguka kale. Ndinakhala pa mpando uja pafupifupi ola lathunthu, minibasi ndinapeza ya madzulo, potsika zitunda magetsi a ku Nchalo akuoneka kale patali.

Masiku anayi oyamba ndinamwabe madzi chopendekera, thupi linali litazolowera mantha. Tsiku lachisanu linali Lachiwiri, ndinali ndi ma period awiri otsatizana masana mkalasi ya malata yopanda siling'i, ndinatuluka malaya atamatirira kumsana. Pa golosale mnyamata uja anangondiona nkutulutsa botolo la pansi penipeni, lija lochita ayezi mkati, amvekere aphunzitsi lero muyesa? Ndinadzaza mkamwa, ndinawatembenuzira dala kumanzere, nkuima kudikira waya uja. Mnyamata naye anasiya kuwerenga chenji akundiyang'ana kumaso. Ndinameza, ndinati bweretsa lina, limenelo ulembe pa ngongole mpaka pa 27.